Mmene ndinanamizira mabuleki a pikapu ya atsibweni

M'kope langa la ku garaja muli tsamba lina lothimbirira ndi oyilo, pomwe ndinalemba manambala awiri: 14.1 ndi 12.3. Tsiku limene ndinawalemba ndinali nditalawirira ndi zina m'mutu. M'thumba ndinali ndi mababu awiri a LED ndi chingwe cha timagetsi tabuluu, togula ndi ndalama yanga, ndipo ndinkaona kuti pofika madzulo pikapu ikhala ikuwala ngati sitolo ya mafoni.

Ndatha chaka ndi miyezi inayi ndikuphunzira magetsi a galimoto pa garaja ina pano pa Kasungu boma. Pikapuyo ndi Hilux ya 1994 ya atsibweni anga, ya injini ya dizilo ya 3L, malita 2.8. Ntchito yake ndi kututa chimanga, soya ndi mtedza kuchokera ku Chamama ndi ku Wimbe. Ntchito itachepa, atsibweni anabwera nayo n'kundiponyera makiyi.

"Muphwa, si ukuti ukuphunzira? Itenge, uikonze ioneke ngati ya anthu."

Ine mutu unali utadzaza kale ndi mavidiyo a pa YouTube: mapikapu akale a ku America ogona pansi, mwini wake akadina batani, galimoto n'kudzuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe m'khola. Ndinkafuna zomwezo, mipando yachikopa, magetsi pena paliponse, ndi matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i. Bwana wathu wa pa garaja, munthu wosakonda kuyankhula kawiri, anangoyang'ana mababu anga aja.

"Bwezera m'thumba zimenezo. Katenge multimeter."

Injini ikulira, pa batire panali mavoti 14.1. Pa babu ya nyali yakutsogolo panafika 12.3 basi. Otsalawo ankathera m'njira: m'mawaya okalamba, m'switchi yapachiwongolero, ndi m'malo olumikizira omwe anachita ndere. Babu ya halogen ndi yokhumudwa msanga. Mavoti akatsika ndi 10 peresenti, kuwala kumatsika ndi pafupifupi 30 peresenti. Choncho nyali zomwe atsibweni ankazinena kuti zatha sizinathe ayi, zinkangogona ndi njala.

Mankhwala ake ndi relay, kaswitchi komwe moto wochepa umakatuma kulumikiza moto wambiri. Mababu a mtundu wa H4, omwe ali m'nyalizi, amadya mawati 55 pa dimu ndi 60 pa buraiti, ndiye awiri pa buraiti ndi mawati 120. Ukagawa ndi mavoti 12, ndi ma amp 10. Ndinakoka waya watsopano wa 2.5 mm² kuchokera pa batire, fyuzi ya ma amp 15 pafupi penipeni ndi batirelo, kuti switchi yakale isamasenzenso katundu, izingotuma relay. Miyendo ya relay ndinaiwerenga mpaka kuilota: 30 kuchokera ku batire, 87 kupita ku babu, 85 ndi 86 a koyilo. Ndinalumikiza ngati mmene chithunzi cha m'buku chinkaonetsera, 85 ndinamangirira ku bodi, n'kuyatsa. Zii. Ngakhale ka "tiki" ka relay osamveka.

Ndinakhala pamenepo ola lathunthu ndikukayikira relay yatsopano. Bwana ankandiona, koma anadikira ndithu kuti ndifunse. Safunsa anadya phula. Nditafunsa, anangoti ndiyeze miyendo itatu ya pulagi ya babu. Ma Toyota ambiri a zaka zimenezo amatumiza moto ku babu pa mwendo umodzi, ndipo switchi imadula kapena kulumikiza mbali ya ethi, yomwe ndi mbali ya negetivu yopita ku bodi. Ine ndinali nditapatsa koyilo ethi mbali zonse ziwiri. Nditasintha, 86 ku mwendo wa moto uja, 85 ku waya wochokera ku switchi, nyali zinayaka mpaka mnyamata wowotcherera anatembenuka.

Nanga mababu anga a LED? Tinawayesa usiku womwewo pa khoma la garaja, galimoto itaima mamita 10 kuchokera pa khomalo. Babu ya halogen inajambula mzere wooneka bwino, pamwamba mdima, pansi kuwala, mzerewo n'kukwera pang'ono cha kumanzere komwe kumayenda anthu ndi a kabaza. Ya LED ija inangomwaza kuwala koyera khoma lonse. Mbale yonyezimira ya m'kati mwa nyali inaumbidwa kuti ilandire kuwala kuchokera pa kawaya kakang'ono kokhala pa malo amodzi enieni. Ukaikapo chowala cha kaumbidwe kena, kuwala kumapita m'maso mwa anthu. Amene anayendapo usiku pa M1 pakati pa Kasungu ndi Chatoloma akudziwa zimene ndikunena: galimoto ikubwera kutsogolo yakuthobwa m'maso, pambali pako pali ngolo yopanda chowalitsa chilichonse. Sindinafune kukhala mmodzi wa othobwa anzawo. Tinachuna nyali kuti mzere uja ukhale masentimita 10 m'munsi mwa msinkhu wa babu, n'kutseka boneti.

Za m'kati sindichulukitsa, chifukwa zambiri inali ntchito ya manja ndi kupirira fungo la guluu. Koma chikomekome cha mkuyu ndinachiona nditakweza mphasa ya pansi. Pomwe pamangidwa mpando wa dalaivala panali patadyeka ndi dzimbiri mwakuti sikuludiraiva inalowa ngati m'mbatata yophika, ndipo bawuti ya lamba inali chapafupi pomwepo. Ndikanangovindikira ndi kapeti yatsopano, ndikanakongoletsa manda. Tinadula, n'kuwotcherera chitsulo china, n'kupaka penti yoletsa dzimbiri. Chikopa chakuda chomwe ndinkasirira ndinachisiya nditakumbukira dzuwa la Okutobala la kuno, pomwe mpando woterowo umaotcha ngati chiwaya. Telala wa mipando anaika siponji yolimba ndi nsalu yokhuthala ya mtundu wa dothi. Pa zitseko tinamata chitenje chomwe anasankha akazi awo a atsibweni, ndipo pamenepo sindinaloledwe kuyankhulapo. Chomwe chinasintha kwambiri moyo wa m'kabini ndi chotchipa kuposa zonse: labala yatsopano kuzungulira zitseko ndi pa tsinde la giya. Fumbi lofiira lija linaleka kulowa.

Tsopano mpweya. Apa ndi pomwe ndinaphunzira zambiri, ndipo ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri.

Zochotsa masipuling'i kuti galimoto izigona pansi zinafa tsiku loyamba. Pa msewu wa ku Chamama nthawi ya dzinja, galimoto yotero ingasiye ekizozi m'matope. Komanso masipuling'i a mapale aja sanyamula katundu chabe, ndi omwe amagwira difu, chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo, kuti isayende kutsogolo, kumbuyo kapena m'mbali. Ukawachotsa uyenera kupanga mikono ina yachitsulo yogwira ntchito imeneyo, ngati mmene zilili pa mabasi akuluakulu ndi mathiraki odutsa pa M1. Chomwe tinasankha ndi matumba othandizira: thumba limodzi la labala yolimba mbali iliyonse, lokhala pakati pa chasisi ndi difu, masipuling'i ali pomwepo. Tinagula ogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe, opanda pepala lililonse, ndiye ndinkawerenga malangizo a Air Lift, kampani ya ku Lansing ku Michigan yomwe yakhala ikupanga zimenezi kuyambira 1949. Pa matumba awo othandizira a mapikapu amati mpweya usachepere 5 psi, kuopa kuti labala ingapindike n'kudzitafuna, ndipo usapose 100 psi, omwe ndi pafupifupi 7 bar (psi ndi bar ndi miyeso ya kupanikizika kwa mpweya).

Masamu ake anandikoma. Bar imodzi ndi pafupifupi kilogalamu imodzi yokankha pa sikweya sentimita iliyonse. Thumba lathu, malo ake okankhira ndi otambalala masentimita 12, omwe ndi masikweya sentimita 113. Ukapopa 3 bar, thumba limodzi likunyamula makilogalamu pafupifupi 340, awiri 680, kuposa matumba 13 a chimanga a makilogalamu 50. Zonsezi ndi pampu yapamwendo, chifukwa valavu yake ndi yofanana ndi ya tayala ya galimoto. Lamulo la Boyle, lomwe ndinaloweza pokonzekera MSCE osadziwa kuti ndidzalidyera kuti, ndinalipenya ndi maso: upope galimoto ili yopanda kanthu, ukweze katundu, geji ikwera yokha chifukwa mpweya wapanikizika.

Zolakwa zing'onozing'ono ndinazichita zonse. Paipi ya nayiloni ya kota inchi ndinaidula ndi pulayala, inaphwanyika kukamwa, m'mawa thumba linali litaphwa. Madzi a sopo anandionetsa thovu pa cholumikizira. Paipiyo imafuna kudulidwa molunjika ndi lezala. Ndinaidutsitsa pafupi ndi ekizozi, bwana anandiuza ndigwire ekizoziyo ndi dzanja injini itangozima kumene, ndinamva phunziro osaigwira n'komwe. Ndinalumikizanso matumba onse awiri pa valavu imodzi pofuna kupopa kamodzi. Pa kona, mpweya unkathawa mbali yolemedwa kupita mbali inayo, galimoto n'kupendekeka kuposa kale. Tinapatsa thumba lililonse paipi ndi valavu yake.

Kenako linafika tsiku loyesa. Tinakweza matumba 15 a chimanga, makilogalamu 750. Kumbuyo kunatsika masentimita 8. Ndinawerengera pomwepo: pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pali pafupifupi mamita atatu, ndiye kutsika kumeneko kumakweza kuwala kwa nyali ndi masentimita oposa 25 pa khoma lija la mamita 10. Nyali zomwe tinazichuna kuti ziziyang'ana pansi zinali zitayamba kuyang'ana m'mwamba. Ndinapopa monyadira mpaka galimoto inabwerera ndendende pa msinkhu wake wa yopanda katundu. Inaima mowongoka ngati yatsopano. Atsibweni anaomba m'manja.

"Eee, muphwa! Ndiye kuti apa tikhoza kuwonjezera ena khumi?"

Bwana sanaseke. Anati tikwere, tikaiyese pa msewu wafumbi wopanda anthu. Atsibweni ataponda buleki, mphuno ya galimoto inagwada, matayala akutsogolo anakhukhuluza dothi, koma katundu kumbuyo ankangotikankha. Tinaima patali kuposa pomwe atsibweni anazolowera, ndipo iwo anazimva m'mwendo asanauzidwe ndi munthu.

"Lowa pansi," anatero bwana. "Uone chomwe chamangidwa ku chasisi pamwamba pa difu."

Panali kavalavu ka mafuta a mabuleki, kokhala ndi kandodo kachitsulo kofika pa difu. Ndinali nditakaona kambirimbiri pomanga matumba, n'kumakalambalala ngati chitsa. Galimoto iyi ilibe ABS, chipangizo choletsa matayala kugwira ukaponda buleki mwamphamvu. Kavalavuko ndi komwe kamayeza kulemera, ndipo kamayeza poona kuti chasisi chayandikira bwanji difu. Galimoto ikalemedwa n'kutsika, kamatsegulira mphamvu yambiri ku mabuleki akumbuyo. Ikakhala yopanda kanthu, kamachepetsa, kuti matayala akumbuyo asagwire msanga n'kuizunguza galimoto. Ine popopa mpaka msinkhu wakale, ndinakauza kavalavuko kuti m'galimoto mulibe kanthu, pomwe munali makilogalamu 750. Mabuleki akutsogolo anatsala okha ndi ntchito ya anayi.

Ndinatuluka pansi paja fumbi lili m'kamwa, manyazi ali m'maso. Atsibweni anafunsanso za matumba khumi aja, koma mwakachetechete.

"Amisiri, ndiye mpweyawu phindu lake n'chiyani?"

Bwana anayankha: "Umawongola galimoto, bambo. Suwonjezera difu, suwonjezera matayala, suwonjezera mabuleki. Kulemera komwe analemba a Toyota ndi komweko."

Anawaonetsanso china chomwe ine ndinali nditawerengapo koma osachilabadira. Sipuling'i imagwira chasisi pa malo awiri otalikirana, kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala, ndiye katundu amagawanika. Thumba la mpweya limakankha pa malo amodzi. Ukalipopa kwambiri, katundu n'kumuunjika kumchira, chasisi chimakhala ngati ndodo yothyolera pa bondo. Ku Australia, komwe mapikapu otere amasenza misasa yolemera, nkhani za chasisi chopindika kuseri kwa kabini si zachilendo. Chathu chili ndi zaka zopitirira 30 ndipo chaona dzimbiri.

Ndiye tinagwirizana zapakati. Matumba olemera azikhala kufupi ndi kabini. Mpweya uzingochotsa gawo la kutsikako, galimoto izitsikabe ndithu ikasenza, kuti kavalavu kazimva. Tinatsitsa mpweya mpaka kumbuyo kunakhala masentimita 5 m'munsi mwa msinkhu wa yopanda kanthu, n'kuyesanso, ndipo inaima bwino kuposa poyamba. Sindinganene kuti nkhaniyi yatha. Mwendo wa atsibweni si geji. Chofunika n'kuyeza mphamvu ya mafuta a mabuleki kutsogolo ndi kumbuyo n'kuyerekeza ndi manambala a m'buku la galimotoyi, ndipo bwana alonjeza kubwereka mageji awiri Loweruka likubwerali. Mpaka tsikulo ndamata kapepala kuseri kwa chotchinga dzuwa, kolemba mpweya wa galimoto yopanda kanthu ndi wa matumba 15, ndipo atsibweni ndawapempha kuti asapose pamenepo.

Timagetsi tabuluu tija tikadali m'katoni pansi pa bedi langa. LED imodzi yokha ndi yomwe inalowa m'galimotomo, kakang'ono ka padenga la kabini, pa fyuzi ya ma amp 5. Dzulo madzulo ndinawapeza atsibweni atakayatsa, magalasi ali pamphuno, akuwerengera matumba a soya m'kabuku kawo.