Mawu akuti anaerobic ndi bala la msomali

Mawuwa ali ndi zigawo zitatu za Chigiriki: an ndi "popanda", aer ndi mpweya, bios ndi moyo. Mpweya wake ndi okosijeni, choncho mawuwa amanena za moyo wopanda okosijeni. Louis Pasteur wa ku France ndiye adawapeka mu 1863, ataona pa maikulosikopu kuti mabakiteriya a m'mphepete mwa kadontho, komwe kumafika mpweya, aleka kuyenda pomwe a pakati akuyendabe.

Mabakiteriya ena, monga Escherichia coli wa m'matumbo, amakhala moyo okosijeni alipo kapena palibe. Ena amafa akakumana ndi okosijeni, ndipo m'gulu ili muli Clostridium tetani, woyambitsa kafumbata. Timbewu take timapirira m'dothi ndi m'ndowe kwa zaka zambiri. Msomali ukalasa phazi mozama, pakamwa pa bala n'kutsekeka, mkati mumatsala mnofu wakufa wopanda mpweya. Apo timbewuto timadzuka n'kutulutsa poizoni woumitsa nsagwada, kawirikawiri pakati pa masiku 3 ndi 21. N'chifukwa chake bala lotere achipatala amalitsuka ndi madzi ambiri, kuchotsamo zakufa zonse, osathamangira kulisoka, ndipo amafunsa za katemera. Kupaka ndowe pamchombo wa khanda n'kuika moyo wake pachiswe, chonde musatero.

Pofuna kukayezetsa mabakiteriyawa kulabotale, mafinya a chithupsa chakuya atengeni m'sirinji, tulutsani mpweya, tumizani msanga. Pa kathonje mabakiteriyawa amafera m'njira, zotsatira n'kunama kuti mulibe kanthu. Mankhwala a gentamicin sagwira mabakiteriyawa chifukwa mankhwalawo amafuna okosijeni kuti alowe mkati mwawo. Mankhwala a metronidazole ndiwo amawapha.