Chipewa cha a Bryant ku Tuscaloosa

Alamu anga akhala ku Birmingham, m'chigawo cha Alabama, zaka zoposa khumi, ndipo mpira wa miyendo womwe ankaufera ali ku Zomba anausiya kalekale. Masiku ano m'nyumba mwawo wina akangoti "Roll Tide!", mawu ochemerera timu ya mpira wa ku America ya University of Alabama, ana onse amayankha. Nditapita kukawachezera, anandiuza usiku wina kuti, "Alamu, mawa mulawire, tikupita kwa mfumu." Ine ndinkayesa kuti akunena za kutchalitchi.

Kuchokera ku Birmingham kukafika ku Tuscaloosa ndi ulendo wa ola limodzi pa galimoto. Tisanalowe n'komwe m'tauni, chinayamba kuoneka ndi bwalo la zamasewero la Bryant-Denny. Mumalowa anthu pafupifupi 100,000, kuposa kawiri bwalo lathu la Bingu ku Lilongwe. Chondidabwitsa n'choti eni ake ndi sukulu, University of Alabama, ndipo osewera ake ndi ana a sukulu. Mpira wake ndi wa ku America uja, woboola ngati dzira, wonyamula m'manja uku akugundana ngati nkhosa zamphongo.

"Mfumu" ija ndi Paul "Bear" Bryant, yemwe anaphunzitsa timuyi kuyambira 1958 mpaka 1982, n'kukhalanso mkulu woyang'anira masewero onse a pasukulupo. Msewu womwe tinaimikapo galimoto ndi wa dzina lake, nyumba yosungira mbiri ya timuyi, yomwe inatsegulidwa mu 1988, nayonso dzina lake.

Mkatimo ndinaima nthawi yaitali pa ofesi yake, yomwe anaikonzanso monga inalili: desiki, mpando, telefoni yachikale. Koma chomwe anthu amadzera ndi chipewa. A Bryant ankakonda chipewa cha timabokosi takuda ndi toyera, ndipo muli china chosemedwa ndi galasi, chonyezimira m'kabati. Kunja nsalu yomweyo ndinaiona pa masiketi, pa zikwama, ngakhale pa lamba wa galu wina. Zinandikumbutsa chitenje cha chipani nthawi ya kampeni.

Munthuyu anabadwa mu 1913 ku Moro Bottom, ku Arkansas, wa nambala 11 m'banja losauka la ana 12. Dzina loti "Bear" linabwera ali mnyamata, pomwe anavomera kulimbana ndi chimbalangondo pa chionetsero ku Fordyce atalonjezedwa dola imodzi pa mphindi iliyonse. Chilombocho chinamuluma khutu, ndalama osaiona, koma dzina linamukanirira. Anadzasewera ku Alabama komweku, ndipo mu 1935 analowa m'bwalo kukakumana ndi Tennessee fupa la mwendo lili lothyoka. Uphunzitsi anayendera ku Maryland, Kentucky ndi Texas A&M asanabwerere ku Alabama. Atamufunsa chomwe wabwererera, anangoti amayi aitana, kutanthauza sukulu yake yakaleyo.

Alamu amakamba monyadira za 1954, pomwe anatengera anyamata a Texas A&M ku kampu ya masiku khumi ku Junction, nthawi ya chilala ndi kutentha koopsa, madzi akumwa osawapatsa pophunzira. Ambiri anathawa, ena usiku. Ine pamenepo sindinaombe m'manja. Mphunzitsi wochita zotere lero akhoza kugona kupolisi, ndipo sindiona cholakwika.

Zikho zisanu ndi chimodzi za dziko lonse zilipo ndithu: 1961, 1964, 1965, 1973, 1978 ndi 1979. Ndinayang'ana zithunzi za matimu atatu oyambawo, nkhope ndi nkhope. Munthu wakuda mulibe ndi mmodzi yemwe. Titatuluka ndinapempha kuti tiyende wapansi mpaka ku Foster Auditorium, holo ya pasukulupo, pomwe pa 11 Juni 1963 bwanamkubwa George Wallace anaima pakhomo kutsekereza Vivian Malone ndi James Hood kuti asalembetse sukulu chifukwa cha khungu lawo. Awiriwo analowa tsiku lomwelo, koma timu ya mpira inakhalabe ya azungu okhaokha zaka zina zisanu ndi ziwiri. Mu 1970 timu ya USC (University of Southern California), yokhala ndi Sam Cunningham ndi anzake akuda, inabwera ku Birmingham n'kuikwapula Alabama 42 kwa 21. Apo n'kuti Wilbur Jackson, wakuda woyamba kulembedwa m'timu ya Alabama, atalembedwa kale koma asanayambe kusewera, ndipo mu 1971 John Mitchell anakhala wakuda woyamba kusewera.

"Alamu, nthawi yake inali yovuta," iwo anatero. Ndinayankha kuti munthu yemwe ankamveredwa mwina kuposa bwanamkubwa, amenenso makiyi a masewero onse anali m'thumba mwake, sakanadikira zaka zonsezo. Tinakangana mpaka chakudya chinazizira, ndipo palibe anagonja.

Masewero ake omaliza anali pa 29 Disembala 1982 ku Memphis, pomwe anagonjetsa Illinois 21 kwa 15, kupambana kwake kwa nambala 323. Anali atanenapo mwanthabwala kuti akasiya ntchito satha sabata ali moyo. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 26 Januwale 1983, patangotha milungu inayi.

Pobwerera tinapatukira kumanda a Elmwood ku Birmingham. Ndinkayembekezera chipilala chachitali, koma tinapeza mwala wamba wogona pansi. Wina anali atasiyapo botolo la Coca-Cola losatsegula. Alamu anavula kapusi yawo, ine ndinaima chapatali ndikuwadikira.