Dzina la khanda la achemwali

Tulo takana usiku uno, ndipo chandivuta ndi pakamwa panga pomwe.

Amalume anabwera madzulo kudzaona khanda la achemwali lomwe langotuluka m'chikuta. Atakhala pakhonde, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, analamula kuti mwanayu akhale Alfred. Akuti limeneli ndiye dzina lachikhristu, loyera, osati athuwa a Mavuto ndi Masiye omwe amasenzetsa mwana katundu asanamere ndi mano.

Ndikanangokhala chete. Koma ndinati, "Malume, mu Baibulo Alfred mulibemo."

Anandiyang'ana chamumbali. Ine m'malo mobweza mawu ndinapitiriza. Dzinali ndi la Chingerezi chakale, mawu awiri olumikiza: ælf, timizimu tomwe anthu a ku England ankakhulupirira, ndi ræd, uphungu. Ndiye kuti uphungu wa timizimu. Zoona, mfumu Alfred ya ku Wessex yomwe inamwalira mu 899 inali Mkhristu weniweni, koma dzinalo silinachokere kutchalitchi.

Mitundu ya Chijeremani inkatcha ana chomwecho, mawu awiri kuwamanga pamodzi, ndipo ambiri amanunkha nkhondo. Gerald ndi mkondo ndi ulamuliro. William, lomwe linafala ku England a Norman atalanda dzikolo mu 1066, ndi chifuniro ndi chisoti chankhondo. Robert, la a Robert Laws a ku Livingstonia, ndi mbiri yowala. Henry la a Chipembere ndi wolamulira pakhomo. Nditafika pa Bernard, chimbalangondo cholimba mtima, alamu anaphulika kuseka mpaka tiyi anawatsamwa.

Amalume sanaseke. Anangoti, "Iwe mphwanga, sukulu yakupatsa mwano," n'kuyamba kufunafuna chipewa chawo chomwe chinali pabondo pawo pomwe.

Chimene ndimafuna kunena chinali chaching'ono: azungu akale nawo ankasenzetsa ana awo katundu, mikondo, zilombo, mizimu, kungoti ife sitikumva chilankhulocho ndiye timayesa dzinalo ndi mbale yotsuka. Koma ndinachinena pamaso pa alamu, kwa munthu amene anandilipirira fizi ya Fomu 2 atagulitsa mbuzi. Amayi sanandiyankhule pa nsima, anangondikankhira ndiwo.

Ndili pabedi pano ndi pamene ndakumbukira Godfrey: mtendere wa Mulungu. Lachijeremani lomwelo, ndipo amalume akanalikonda. Foni yawo sikupezeka, mwina yatha moto, mwina aithimitsa dala.

Khandalo likulira kuchipinda chinacho. Achemwali akungolitcha "bebi".