Zimene amayeza mwana akagonekedwa ndi malungo akulu

Mizere iwiri ikatuluka pa kachipangizo koyezera malungo, musaganize kuti mwamva zonse. Kachipangizoko kamangofufuza puloteni yotchedwa HRP2 imene tizilombo ta Plasmodium falciparum timatulutsa m'magazi. Kamati malungo alipo, basi. Zoti afika pati, sikanena. Ine ndinaziona mwana wanga wazaka zitatu atagonekedwa, ndipo ndikulembera magadiyani anzanga kuti asamadzidzimuke ndi zobayabaya za m'wodi.

Ku chipatala chaching'ono cha kwathu tinafika mwana akukomoka, osathanso kumwa. Anamuika mankhwala a malungo a artesunate wa kumatako n'kutilembera kalata yopita ku chipatala cha boma. Buku lakuchipatala ligwireni ngati ndalama, zonse amalemba momwemo.

Titangofika anamubaya chala kuyeza shuga. "A nesi, shuga kwa mwana? Si matenda a akuluakulu amenewo?" Iwo anati, "Ayi mayi, tikuona ngati watsika." Mwana sakudya, tizilombo nato tikudya shuga yemweyo, ndiye amatha kutsika mpaka pansi pa 2.2, ndipo zimenezo zokha zimakomola mwana. Akapeza watsika amamupatsa madzi a shuga pa kanula nthawi yomweyo.

Kenako magazi. Adokotala anatsitsa chikope, kuyang'ana zikhatho, zonse mbee. Tizilombo timaswa maselo ofiira, kapamba nayenso amachotsa ena ngakhale abwinobwino. Hb ya mwana, muyeso wa kuchuluka kwa magazi m'thupi, ikafika 5 kutsika pansi, amamuwonjezera magazi. Wanga anangodutsa pang'ono, choncho ankamuyezanso pafupipafupi. Anandiuzanso kuti ndiziyang'anira kapumidwe. Mwana akamapuma mozama ngati wathamanga chikhalirecho ali gone, ndiye kuti asidi wa lactate wachuluka chifukwa timitsempha tatsekeka ndipo mpweya sukufika bwino m'thupi. Kumene kuli makina ake, nambala yopitirira 5 ndi yoopsa.

Chimene chinandiwawa mtima ndi kuyeza chikomokere. Adokotala anakanikiza chikhadabo cha mwana ndi cholembera, mwamphamvu ndithu, ine mpaka kulumpha. Amafuna aone zinthu zitatu: ngati maso akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akulira moyenera, ndiponso ngati akuchotsa dzanja kapena kukankha chimene chikumupweteka. Akaphatikiza zimachokera pa 0 kufika pa 5, ndipo 2 kutsika pansi amaganizira malungo a mu ubongo. Muyeso umenewu dzina lake ndi Blantyre Coma Score. Anaukonza Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pa chipatala cha Queen Elizabeth n'kuufalitsa mu 1989, lero ukugwira ntchito maiko ambiri. Wanga atayamba kulira pomukanikiza, a nesi anamwetulira, ndipo kuyambira pamenepo kulirako ndinkachita kukudikira.

Anamudonthezanso mankhwala m'maso n'kuunika mkati. Malungo a mu ubongo amasiya timadontho toyera ndi tamagazi kuseri kwa diso. Ku Blantyre komweko, kafukufuku wa mu 2004 anapeza kuti mwa ana anayi amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi anafa ndi matenda ena. N'chifukwa chake amapemphanso kutenga madzi a pamsana, kuti aone ngati si matenda oumitsa khosi. Achibale ena anandiletsa, ati mwana salimba akamutenga madzi amenewo. Ine ndinavomera, chifukwa matenda awiriwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo kungoganizira n'kutchova juga ndi moyo wa mwana.

 

Jakisoni wa artesunate amabaya koyamba, kenako pakatha maola 12, kenako pakatha maola ena 12, ndipo akatero kamodzi patsiku mpaka mwana atha kumeza. Akatha kumeza amayamba LA, kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndi mkaka kapena phala la nsinjiro kuti mankhwala alowe bwino. Potuluka funsani tsiku lodzayezanso Hb, chifukwa magazi amatha kutsikanso pakapita sabata kapena awiri. Mwana akatenthanso thupi m'masabata otsatira, nenani kuti wangochira kumene. HRP2 imachedwa kutha m'magazi, kachipangizo kakhoza kuonetsabe mizere iwiri tizilombo titafa kale, ndiye pemphani kuti magazi akawaone pa maikulosikopu.