Mmene tinathetsera mkangano wa malire a munda wa atate

Dayagilamu ya saveya, mapu oonetsa malire a munda wathu, yatuluka tsopano, ndiye ndati ndilembe mtima usanazizire, chifukwa anthu ambiri kuno ku Chipata akulimbana ndi mikangano ya malire ngati yomweyi. Munda ndi wa malemu atate, uli m'dera la mfumu, njira ya ku Lundazi. Aneba athu a kumadzulo anagulitsa mbali yawo kwa bambo wina wa m'tauni, ndipo ife tinalibe nazo kanthu. Koma wogulayo anabwera ndi mnyamata wonyamula ka GPS kam'manja, osaitana aliyense, n'kukhoma mabikoni, zizindikiro za malire za chitsulo ndi simenti. Amayi anakawapeza akupita kokazula mtedza: ina ili mkati mwa mzere wa khonje umene atate anadzala, ina pakati penipeni pa mizere, simenti idakali yaiwisi.

Musazule bikoni, ngakhale mtima uwawe chotani. Mphwanga anali atanyamula kale khasu, amalume ndi amene anamugwira dzanja. Lamulo la Land Survey Act limaletsa kuchotsa kapena kusuntha bikoni, ndipo mukazula, mlandu wa malire umasanduka wa kupolisi, wolakwa n'kukhala inu. Jambulani ndi foni, chithunzicho chionetse bikoniyo pamodzi ndi khonje, chulu kapena mtengo umene aliyense m'mudzi amaudziwa.

Ife tinayambira kwa amfumu a mudzi. Pabwalo wogula uja ankangobwereza mawu amodzi, "ndili ndi mapepala." Atawatulutsa tinapeza kuti ndi kalata yogulitsirana malo ndi kalata ina ya ku nyumba ya mfumu yaikulu, basi. Taito, chikalata cha boma cha umwini wa malo, panalibe. Anthu ambiri amanjenjemera akaona chidindo, koma kalata ya mfumu ndi poyambira chabe. Malinga ndi Lands Act ya 1995, malo a chikhalidwe akamasinthidwa kukhala a taito pamafunika chilolezo cha mfumu, kenako khonsolo ivomereze, kenako Commissioner of Lands, mkulu wa za malo m'boma. Lamulo lomwelo likuti anthu amene nkhaniyo ingawakhudze afunsidwe kaye. Ife palibe anatifunsa. Ambuye ena okalamba, amene analima moyandikana ndi atate kuyambira nthawi ya UNIP, anaimirira n'kunena kuti, "Zikomo amfumu, khonje uyo ndinathandiza nawo kudzala, malire amachokera pa chulu chachikulu kukafika pa mtengo wa msuku." Mboni zotere zisungeni bwino, zikamwalira zimapita ndi mapu onse m'mutu.

Ndiye kunabwera nkhani ya mnyamata wa GPS uja. Atafunsidwa laisensi anayamba kuyankha foni imene sinalire. Wopima malo a taito amayenera kukhala saveya wa laisensi kapena wa boma, ndipo dayagilamu yake imagwira ntchito pokhapokha Surveyor General, mkulu wa masaveya m'boma, ataivomereza. Ka GPS kam'manja kamatha kuphonya ndi mamita angapo, ndipo mamita angapo m'mbali yonse ya munda ndi mizere yambiri ya chimanga. Musanapereke ndalama kwa aliyense, kafunseni ku ofesi ya za malo ngati dzina lake lili pa mndandanda. Wogulayo anataya ndalama zake pamenepo, ndipo atazindikira anafewa. Tinagwirizana kuitana saveya mmodzi, mtengo wa mzere umene tagawana n'kulipira theka theka.

Chimene chinandipsetsa mtima kwenikweni si mnebayo ayi. Ndi ofesi ina m'tauni muno imene inayenera kutumiza munthu kudzayendera malowo mapepala athu opempha taito asanapite patsogolo. Anatiuza tsiku, anati tikhale okonzeka 8 koloko m'mawa, anatinso galimoto ilipo koma ilibe mafuta. Tinasonkha ndalama ya mafutayo. Lisiti? "Mudzatenga tikabwerako." Tsikulo amayi anapha nkhuku, ambuye aja tinakawatenga pa ngolo chifukwa miyendo inawakana, amfumu anasiya maliro a mudzi wapafupi, aneba a kumpoto anasiya fodya wawo m'chigafa. Tinakhala pansi pa mango kuyang'ana kumsewu, njinga yamoto iliyonse ikalira ana n'kuthamangirako. Dzuwa litafika pamutu ndinaimba foni, osayankha. Litapendeka anayankha mawu ali pansipansi kuti ali pa wekishopu ku loji, tipangane tsiku lina. Osapepesa n'komwe! Munthu amene amalandira malipiro kumapeto kwa mwezi sadziwa kuti kusonkhanitsa anthu a m'mudzi nthawi yokolola n'chiyani. Ulendo wotsatira aneba a kumpoto anakana, anati tinawaseweretsa, ndipo ndinachita kukagwada pakhomo pawo ndi kapaketi ka shuga. Ku ofesiko nako fayilo yathu inali itasowa, mpaka ndinatulutsa mafotokope anga ndipo mwadzidzidzi inapezeka pansi pa mafayilo ena. Pepala lililonse limene mwapereka, sungani kope yake yodindidwa tsiku. Ndalama iliyonse, lisiti pompo. Ndipo musaphe nkhuku galimoto isananyamuke m'tauni.

Ndaiwala kunena za pabanja, zimene zimayenera kuyambirira. Musanapite kulikonse khalani pansi ndi abale, mugwirizane dzina limene lidzalembedwe pa taito. Malo akalowa pa taito achoka m'manja mwa mfumu, ndipo amene dzina lake lili papepala angathe kugulitsa kapena kukapinyolitsa ku banki ena onse ali m'tulo. Alongo anga a ku Katete anafunsa zimenezi mosabisa, ena anakhumudwa, koma anafunsa zoona. Tinalembetsa mayina oposa limodzi. Dziwaninso kuti lisi, pangano lobwereka malo ku boma, ikaperekedwa pa sikechi chabe, mapu osapimidwa ndi saveya, imakhala ya zaka 14, pamene ya zaka 99 imafuna malo opimidwa ndi saveya, ndipo mukatenga taito muzilipira lendi ya nthaka chaka ndi chaka.

Tsiku la saveya weniweni, aneba onse a mbali zinayi akhalepo, eni ake enieni, osati mwana wotumidwa. Ife tinayenda malire onse wapansi, amfumu patsogolo. Pa ngodya iliyonse saveya ankafunsa kuti, "Nonse mwavomereza pano?" ndipo chitsulo chinkalowa pansi anthu atayankha. Pa chulu panali kukokana pang'ono, chifukwa njira yopita ku chitsime imadutsa pomwepo. Tinalolera kusiya mpata woti ngolo izidutsa, wogulayo nayenso anabwerera kuseri kwa khonje, ndipo mabikoni olakwika aja anazula yekha pamaso pa amfumu ndi saveya. Zonse tinazilemba m'kope, odziwa kulemba anasaina, ena anadinda chala, amfumu n'kuika chidindo.

Ena ankatilimbikitsa kuthamangira ku Lands Tribunal, bwalo loweruza milandu ya malo. Bwalolo lilipodi, lili ndi lamulo lakelake la 2010, ndipo mnzanu akakhala wouma mutu mudzafikako. Koma likulu lake lili ku Lusaka, makilomita opitirira 500 pa Great East Road, ndipo mukawerengera basi, malo ogona ndi loya, mtedza wa zaka zingapo watha, kwinaku munthu amene mukukangana nayeyo mudzakumana naye ndithu pa chitsime ndi pamaliro.

Ndibwerezenso, aneba akhalepo pokhoma bikoni, ndipo asaine tsiku lomwelo asanabalalike. Pakali pano fayilo yathu yapita ku Lusaka, tikudikira kalata ya ofa, imene boma limapereka taito isanatuluke. Lisiti ya mafuta ija mpaka lero sindinaione, ndipo Lolemba ndikupitanso kukaifunsa.