Lamulungu ku Mufakose, pa msonkhano wa bungwe la maliro

Masana ano tinasonkhana ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ife a bungwe la maliro, ambirife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'minda ya azungu ndi m'migodi. Nkhani inali ya mnzathu amene watisiya Lachisanu atatha miyezi isanu ndi itatu osasonkha, pamene abale ake akufuna kuti akagone kwawo ku Ntcheu, ulendo wautali wodzera pa Nyamapanda ndi ku Tete.

Msungichuma anatsegula kope lake n'kunena kuti tikathandiza, theka la thumba lathu litha. Anthu anayamba kupukusa mitu, ndipo inenso mumtima ndinali nditakana kale. Kenaka mayi wina wachikulire anaimirira atagwira mpando, nati, "Ana anga, tikamuperekeza mwana wathuyu, theka la thumba likhalapobe." Amene ankapukusa mitu aja anayamba kuvomera, ndipo mtima wanganso unatembenuka, chonsecho pa ndalamazo sipanawonjezeke kapena kuchoka kobiri.

Zimenezi zinandivutitsa kwambiri, chifukwa ndinakumbukira kafukufuku amene akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anasindikiza mu 1981. Iwo anafunsa anthu za mliri wongoyerekeza woti upha anthu 600. Atauzidwa kuti njira ina ipulumutsa anthu 200, anthu 72 pa 100 alionse anaisankha, koma gulu lina litamva kuti pa njira yomweyo pafa anthu 400, amene anaisankha anali 22 okha pa 100 alionse. Lero ndadzionera ndekha kuti zimenezi zimachitikanso pa nkhani ya chabwino ndi choipa.

Sindikuchinyoza chifundo, pakuti popanda icho makolo athu sakanayambitsa mabungwe otere kuno kuchilendo. Chimene ndikuopa n'chakuti chifundocho chimangotsatira mawu amene achigwira dzanja, ndipo nzeru zimabwera pambuyo kudzangoikira kumbuyo zimene mtima wagamula kale. Choncho ndinapempha a mlembi kuti awerenge ziganizo zonse ziwiri motsatizana tisanakweze manja, ndiponso kuti atiuze kuti theka lotsalalo lingakwanire maliro angati. Anati awiri.

Tinagwirizana kuti thumba lilipire bokosi lokha, ndipo za galimoto tisonkhe mwapadera. Mayi aja ndiwo anayamba: anamasula mfundo ya pa chitenje chawo n'kuika madola asanu patebulo.