Ndinafika ku Joni mu suti ndi masilipasi a pinki

Amene anandiuza kuti ndivale suti ndi alamu anga, ndipo mpaka lero sanapepese. Iwo amakhala ku Johannesburg ndi mlongo wanga. Atandiitana kuti ndikaone khanda lawo, anandiimbira foni usiku n'kunena kuti, "Alamu, pa boda amayang'ana maonekedwe. Mubwere ngati bwana, musaoneke ngati mukudzasaka ganyu." Ine mawu a munthu wodziwa njira sindiwatsutsa. Ndinatulutsa suti ya pa ukwati, kenako ulendo wa ku Limbe kukagula nsapato zachikopa, zosongoka kutsogolo. Zinkandithina, koma wogulitsa anati, "Bwana, chikopa chimatseguka chokha mukamayenda." Wachiwiri woti adzapepese ndi ameneyo.

Mayi a kunyumba anandikonzera kachikwama ka m'manja. Munali juzi, masilipasi, tishu, mtedza wokazinga, botolo la madzi ndi chaja. Ndinawafunsa ngati anaonapo bwana atanyamula mtedza. Zonse ndinazikhuthulira m'chikwama chachikulu cha mizeremizere, n'kukhoma ndi loko. Pa Wenela anyamata anachiponya m'ngolo yokokedwa kumbuyo kwa basi, pamwamba pake n'kusanjapo matumba a mpunga. Ine m'manja munatsala pasipoti, tikiti ndi foni. Mwezi unali wa June.

Mpando wanga unali woyandikana ndi mayi wina wa geni, wogula mabulangete ku Joni n'kumadzagulitsa kuno. Anavala diresi lotakasuka, masilipasi, ndi zitenje ziwiri, china m'chiuno china paphewa. Kumapazi kwawo kunali chikwama chofufuma. Anandiyang'ana kuyambira pa taye mpaka pa nsonga ya nsapato.

"Achimwene, mukutsikira pa Mwanza?"

"Ayi amayi, Joni."

"Mu zimenezi?"

Ndinati inde. Iwo anangoti "Chabwino," n'kuyamba kusenda nthochi.

Basi isananyamuke anandifunsa ngati adiresi ya kumene ndikupita ndailemba papepala. Ndinawaonetsa foni. Anati foni ndi yabwino ikakhala ndi moto, ndipo anandipatsa cholembera kuti ndilembe adiresi ndi nambala ya alamu kuseri kwa tikiti. Ndinalemba pofuna kuwalemekeza chabe, poti anali aakulu kwa ine. Anandiuzanso kuti mpando umenewu anachita kuusankha pogula tikiti masiku apitawo: wapakati pa basi, osati pamwamba pa matayala pomwe bampu iliyonse imafika m'msana, osatinso kumbuyo kwenikweni. Ine wanga ndinangopatsidwa, mwayi wokha.

Kuchoka ku Blantyre kukafika pa chipata cha Mwanza ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo mpaka pamenepo ndinali bwana ndithu. Pamzere anthu ankandipatsa njira. Mnyamata wina anandifunsa ngati ndine loya. Posangalala ndinagula botolo lalikulu la thobwa n'kulipapira lonse, amayi aja akundiyang'ana mwachifundo. Iwo madzi ankangonyowetsa kukhosi, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Anati paulendo wa makilomita oposa 1,600 chikhodzodzo chimayendera nthawi ya dalaivala, osati ya mwini wake.

Thobwa lija linayamba kulankhula titangodutsa Zobue, chipata cholowera mu Mozambique. Dalaivala sanaime. Tinadutsa Moatize ndi milu yake ya malasha ine nditapinda miyendo, ndikuwerenga mitengo ya malambe kuti ndiiwale. Ndikukuuzani, kuwoloka Zambezi pa Tete uli m'mavuto oterowo si chinthu chabwino: madzi onse aja, phee, akungoyenda mwaufulu. Pomwe basi inakaima panali chimbudzi cholipira, ndipo mnyamata wapakhomo anakana makwacha anga. Amayi aja anamasula mfundo ya pa chitenje. Mkati munali timapepala tatatu ta pulasitiki: kena ka ma metical a ku Mozambique, kena ka madola a imodziimodzi ogwiritsa ntchito ku Zimbabwe, kena ka ma rand achitsulo. Anandilipirira. Anati ndalama yaikulu panjira ilibe ntchito, chifukwa wogulitsa aliyense tchenji amakhala alibe.

Tete ndi wotentha ngakhale mu June. Suti inayamba kundimatirira, taye n'kumandikola pakhosi, koma nkhani yaikulu inali pansi. Munthu akakhala maola ambiri osayenda, magazi ndi madzi a m'thupi zimatsikira kumapazi, ndipo mapazi amatupa. Anga ankatupa m'kati mwa chikopa chimene chinakana kutseguka. Amayi aja basi ikangoima ankatsika n'kumayendayenda, ndipo ali pampando ankagwedeza zala ndi kuzunguliza akakolo. Anandiuza kuti ndizitero. Ine zala zanga zinali zitaunjikana pansonga paja ngati anthu a mu minibasi ya ku Ndirande madzulo, zosatheka n'kutembenuka komwe.

Ndinapirira mpaka pa Cuchamano, ndinapirira pa Nyamapanda. Titalowa mu Zimbabwe kunja kutada, magetsi a m'basi atazimitsidwa, ndinawerama mwakachetechete n'kuvula. Aaa, mtendere wake! Kuti kakiyi ka loko kasagwe m'thumba ndili m'tulo, ndinakaponya mu nsapato ya kumanja. Nzeru imeneyi inali yanga, ndipo mpaka pano ndimaona kuti inali yabwino.

Sipanapite nthawi, mwana wina kumbuyo anati, "Amayi, wina watsegula usipa." Munthu wina anatsokomola. Wina anakankha zenera. Ine ndinatseka maso ngati ndagona kalekale. Masokosi a nayiloni, abale anga, si oyendera ulendo.

Zenera lija ndi limene linabweretsa vuto lina. Kuyambira cha ku Mutoko msewu umakwera, ndipo Harare ali pamtunda. Usiku wa June kumeneko mphepo yake imalowa m'mafupa. Jekete ya suti imakongola koma sifunditsa. Juzi yanga inali m'ngolo, pansi pa mpunga wa anthu. Amayi aja anatulutsa kabulangete, chipewa chaubweya ndi masokosi okhuthala, chitenje china n'kuchipinda kukhala pilo wa pakhosi. Foni yawo inali ikudya moto pa power bank, yanga itafa kalekale. Anandipatsa chitenje chotsalacho. Ndinati zikomo amayi, ndili bwino. Mano anga anayankha mosiyana, moti titatuluka mu Harare ndinali nditadzikulunga mpaka kumutu, m'chitenje cha chikondwerero cha amayi a mpingo, vesi ili pamsana.

Msewu wa Harare kukafika ku Beitbridge ndi wautali, makilomita pafupifupi 580, ndipo kupitirira Masvingo abulu ndi ng'ombe zimayenda mumsewu usiku. Penapake dalaivala anaponda buleki mwamphamvu. Mabotolo, malalanje ndi zina zonse za pansi zinathamangira kutsogolo. Ndinamva phokosolo m'tulo, n'kuganiza kuti ndi za eni ake.

"Beitbridge! Aliyense atsike ndi pasipoti yake!"

Kunali kusanache. Ndinapapasa pansi n'kupeza nsapato ya kumanzere. Phazi linalowa zala zokha, chidendene chinakana. Ndinakoka, ndinaponda, ndinatukwana wogulitsa wa ku Limbe chamumtima, osatheka. Ya kumanja ndiye kunalibe. Ndinagwada m'kanjira ka pakati, suti ya pa ukwati ikupukuta makoko a mtedza, n'kumasuzumira pansi pa mipando. Ndinaona zidebe, matumba, thewera, ndi mwendo wa nkhuku wodyedwa theka. Kondakitala anati, "Bigi, mudzaisaka pobwera, mzere ukutalika."

Amayi aja sanaseke, ndipo chimenecho ndimawalemekeza nacho. Anapisa dzanja m'chikwama chawo chija n'kutulutsa masilipasi osambira. A pinki. Pa lamba panali duwa la pulasitiki, la ku phazi limodzi litathothoka tsamba. Anali aang'ono, moti chidendene changa chinkatsalira kunja n'kumaponda simenti yozizira. Komanso masilipasi a chala ndi masokosi sizigwirizana: sokosi inapindikira pakati pa zala, phazi n'kuoneka ngati lagawika pawiri.

Ndinaima pamzere choncho. Pamwamba taye, pakati chitenje, pansi maluwa. Beitbridge ndi chipata chotanganidwa usana ndi usiku, mabasi ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amakumana pamenepo, ndiye mboni zinalipo zambiri. Mnyamata uja wa pa Mwanza anandiona n'kuyang'ana kumbali. Amayi aja anandiuza kuti ndiloweze mtundu ndi nambala ya basi yathu, chifukwa potuluka mabasi amakhala atasuntha ndipo mumdima onse amafanana. Ndinaloweza. Munthu wovala masilipasi a eni ake satsutsa.

Titawoloka Limpopo, mbali ya South Africa anati katundu yense atsitsidwe m'ngolo kuti aonedwe. Mtima wanga unadumpha: juzi, masilipasi anga, chaja! Koma pansi paja panandandalikidwa zikwama za mizeremizere zosawerengeka, zonse zofiira, zabuluu ndi zoyera. Za amayi aja zinali ndi kansalu kachikasu komangidwa pa chogwirira, ndipo anazipeza asanaphethire. Ine ndinasankha chimodzi chooneka ngati changa, loko wake atathyoka. Ndinadandaula mokweza kuti anthu ndi akuba, n'kutsegula zipi. Munali mithiko, nsinjiro, ndi zovala zam'kati za amayi zazikulu bwino.

"Bambo inu! Mukufunamo chiyani m'chikwama changa?"

Tangoganizani mmene ndinkaonekera: mwamuna wa taye, chitenje kumutu, masilipasi a pinki, m'manja muli kabudula wam'kati wa mayi wosamudziwa. Ndinayamba kufotokoza, koma nkhani yake inalibe poyambira pabwino. Anandipulumutsa ndi amayi a geni aja. Anati, "Musiyeni, ndi wanga uyu, ulendo woyamba." Mawu akuti ulendo woyamba anathetsa mlandu pompo. Anthu onse anangoti "Ooo," ena n'kumandigwira paphewa.

Changa chinapezeka kumapeto, chitaphwatalala, loko ali gwa. Kiyi ali mu nsapato ya kumanja. Ndinachigwiragwira kunja, n'kumva juzi yanga ili mkatimo, yofewa. Wofufuza katundu anachipapasa, anandiyang'ana kumapazi, n'kundikodola kuti ndidutse.

Tsono imvani za maonekedwe amene alamu ankanena aja. Wodinda mapasipoti amakhala kuseri kwa kauntala yofika pachifuwa. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana nkhope, n'kufunsa kumene ndikukafikira. Ndinatembenuza tikiti n'kuwerenga adiresi ija. Anadinda masiku 30 amene a pasipoti ya Malawi amalowera popanda viza, n'kuitana wotsatira. Suti sanaione. Amene anali patsogolo panga anavala jezi ya mpira yong'ambika kukhwapa, ndipo anapatsidwa masiku omwewo.

Kuchoka pa Musina, kudutsa Polokwane, msewu wa N1 uli myaa, ndinagona tulo tabwino koposa paulendo wonsewo, mapazi ali pamphepo. Amayi aja anandigawira mbatata yophika ndi mazira owiritsa. Anati chakudya cha panjira chizikhala chouma, chosachedwa kudya, ndiponso chimene mimba yako ikuchidziwa. Za msuzi ndi zokazinga za pamalo oima n'zimene zimaimitsa basi patchire.

Nsapato inapezeka pa Park Station, pothera basi mu Johannesburg, anthu atatsika. Inali kutsogolo kwenikweni, pansi pa chidebe cha ufa cha munthu wina, itaphwanyika n'kukhala yafulati, nsonga italoza kumwamba. Ndinaigwedeza. Munatuluka khoko la lalanje. Kiyi munalibe.

Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo madzulo a June mphepo yake imaluma makutu, choncho chitenje sindinabweze msanga. Alamu anandipeza nditaima pambali pa chikwama, nsapato ziwiri zili m'manja. Iwo anavala tilakisuti, jekete lokhuthala ndi nsapato zothamangira. Anandiyang'ana, anakhala pansi pa chikwama changa, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, munati ndivale suti."

"Ndinati muoneke bwino. Ine ndimavala chonchi, suti ndimasinthira pofika."

Asanandithandize n'komwe kunyamula, anatulutsa foni n'kundijambula. Amayi a geni anakana ndalama ya masilipasi. Anati ndikawabwezere ku Limbe, ndipo pobwerera ndidzagule mpando msanga, katundu ndidzamange kansalu.

Kunyumba tinadula loko ndi sowo. Ndinatulutsa chaja mothamanga kuti ndiyatse foni, ndifotokoze mbali yanga chithunzi chisanafike patali. Pulagi yanga ya mano atatu a makona inakana kulowa pakhoma: masoketi a kumeneko ndi a mabowo ozungulira, pamafunika adaputa. Alamu anati ali nayo koma aiwala pomwe anaiika, ndipo anaikumbukira mawa lake masana.

Foni itayaka, pa gulu la banja la WhatsApp panali mauthenga osaleka. Amalume a ku Ntcheu ankafunsa ngati ndalowa mpingo wina. Apongozi analemba kuti pinki amandikhala. Mayi a kunyumba anatumiza mawu ojambula, aafupi, akutafuna kenakake: "Bambo a mwana, mtedza uja mukaupeza m'thumba la m'mbali. Bwana akhoza kudya tsopano."